Woyimba Si Katundu: Mlandu wa George Michael ndi Kampani ya Sony

Pa 21 Juni 1994, woweruza Jonathan Parker wa bwalo lalikulu la milandu mumzinda wa London adagamula kuti woyimba George Michael alibe chifukwa chomveka chothetsera mgwirizano wake ndi kampani yojambula nyimbo ya Sony. Mlanduwo udamvedwa kwa masiku oposa 70, ndipo chigamulo chake chidadzaza masamba oposa 200. Mwachidule, woweruzayo adati mgwirizanowo udali wachilungamo, mwini wake adausaina ali maso, ndipo pambali pake padali maloya odziwa bwino ntchito yawo. Anthu ambiri atamva izi adangoseka, nafunsana kuti munthu wa chuma chotere akudandaula chiyani. Papita zaka zoposa 30 tsopano, ndipo woyimbayo adamwalira pa 25 Disembala 2016. Koma mlandu suola.

Bwalo lija lidayankha funso laling'ono n'kusiya lalikulu. Funso laling'ono lidali lakuti kodi dzanja lomwe lidasaina papepala ndi la George Michael, ndipo kodi ankadziwa zomwe ankachita. Funso lalikulu ndi ili: kodi n'koyenera kuti kampani igule nyimbo zomwe munthu sanapeke n'komwe, imutsekere makomo ena onse kwa zaka 15, ndiponso iyembekeze kuti nkhope yake izipachikidwa pamsika nthawi iliyonse yomwe malonda afuna? Yankho lake n'lakuti ayi. Woweruza mwina adatsata lamulo monga lidalili, koma pa nkhani ya chilungamo George Michael ndiye adali ndi mfundo, ndipo zomwe zachitika kuchokera nthawi imeneyo zikumuikira umboni.

Chingwe chomwe chidamumanga chidayamba kupotedwa ali mnyamata. Dzina lake lenileni lidali Georgios Kyriacos Panayiotou, ndipo adabadwa mu 1963 ku London, kwa bambo ochokera pachilumba cha Cyprus. Mu 1982, ali ndi zaka 18, iye ndi mnzake Andrew Ridgeley, omwe ankayimba limodzi m'gulu la Wham!, adasaina mgwirizano ndi kampani yaing'ono ya Innervision, nalandira mapaundi 500 aliyense. Chaka chotsatira chimbale chawo choyamba chidakhala pa nambala 1 ku Britain, koma m'matumba mwa anyamatawo mudalibe zooneka. Adayamba kukokana ndi kampaniyo kubwalo la milandu, ndipo mu 1984 nkhaniyo idatha mwa kukambirana: Wham! idachoka ku Innervision n'kulowa m'manja mwa kampani yaikulu ya CBS. Panthawiyo zidaoneka ngati kupulumuka. Patapita zaka 10, pangano la 1984 lomwelo ndilo lidakhala msampha womugwetsa.

Gulu la Wham! lidatha mu 1986. Chaka chotsatira George Michael adatulutsa chimbale chake choyamba payekha, chotchedwa Faith, chomwe chidagulidwa makope oposa 20 miliyoni padziko lonse n'kulandira mphotho ya Grammy ya chimbale chopambana mu 1989. Mu Januwale 1988 mgwirizano wake udakonzedwanso: gawo lake la ndalama lidakwera, koma adalonjeza zimbale 8, ntchito yomwe ikadatha kumufikitsa m'chaka cha 2003. Mwezi womwewo kampani ya Sony ya ku Japan, yodziwika ndi mawailesi ndi makina ena amagetsi, idamaliza kugula CBS Records pamtengo wa madola 2 biliyoni. Oyimba onse adapita limodzi ndi maofesi, mipando ndi magalimoto. N'zoona kuti posaina iye ankadziwa kuti malonda amenewa ali m'njira. Chomwe sakadadziwa n'chakuti pofika 1990 mkulu wa kampaniyo, Walter Yetnikoff, adzakhala atachoka, ndipo tsogolo la nyimbo zake lidzakhala m'manja mwa anthu omwe sadawasankhe. Mwini wake adayerekeza zimenezi ndi ukwati wochita kukonzeredwa ndi ena. Adadandaulanso kuti eni atsopanowo ankaona oyimba ngati mapulogalamu ongothandiza kugulitsa makina.

Mkangano weniweni udabuka mu Seputembala 1990, pomwe adatulutsa chimbale chachiwiri, Listen Without Prejudice Vol. 1. Dzina lake lomwe limapempha munthu kuti amvere asanaweruze. George Michael adali atatopa ndi kugulitsidwa ngati chithunzi cha mnyamata wokongola wovala jekete lachikopa ndi magalasi akuda, ndipo ankafuna kuti anthu amudziwe ngati wopeka nyimbo. Choncho adakana kuti nkhope yake ikhale pachikuto. M'malo mwake padaikidwa chithunzi cha khamu la anthu pagombe la Coney Island, chomwe wojambula wotchedwa Weegee adatola mu 1940. Adakananso kuonekera m'makanema otsatsira nyimbo. Kanema wa nyimbo yoyamba adangoonetsa mawu a nyimboyo basi. Mu kanema wa Freedom! '90, yemwe adakonzedwa ndi David Fincher, mudaoneka akazi 5 otchuka pa zionetsero za zovala, kuphatikizapo Naomi Campbell ndi Cindy Crawford, ndipo jekete lachikopa lija lidatenthedwa anthu akuona. Uthenga wake sudafune womasulira.

Ku Britain chimbalecho chidakhala pa nambala 1, ndipo mu 1991 chidalandira mphotho ya Brit. Ku America chidagulidwa makope pafupifupi 2 miliyoni, pomwe Faith idafika pa 10 miliyoni. Woyimbayo adati akuluakulu a Sony ku America adachita dala kusachitsatsa mokwanira pofuna kumukhaulitsa. Kampani idayankha kuti n'kovuta kugulitsa katundu yemwe mwini wake akubisala, ndipo pa mfundo imeneyi woweruza adagwirizana ndi kampani. Gawo lachiwiri la chimbalecho silidatuluke konse. Nyimbo 3 zatsopano adazipereka mu 1992 ku chimbale cha Red Hot + Dance, chomwe chinkasonkhetsa ndalama zolimbana ndi Edzi, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho adakasuma. Zimbale 6 zidali zikadali pamutu pake.

Anthu akamva za ufulu wa waluso, kawirikawiri amaganiza za boma lomwe likuletsa nyimbo pawailesi kapena kutsekera mlakatuli m'ndende. Kumeneko ndi kupondereza koonekeratu, ndipo aliyense amakuzindikira. Koma ufulu wa waluso uli ndi mbali ina yomwe sikambidwa kawirikawiri, yomwe ndi ufulu wokana. Munthu waluso ayenera kukhala ndi mphamvu yokana kubwereza chomwe chidamutchukitsa, yosintha kayimbidwe, yobisa nkhope yake, ngakhale yosankha dala njira yomwe akudziwa kuti idzabweretsa ndalama zochepa. Popanda ufulu umenewu luso silikula, pakuti msika nthawi zonse umafuna chomwe chidagulidwa dzulo. Faith itagulidwa makope 20 miliyoni, chomwe kampani inkafuna chidali Faith yachiwiri, kenako yachitatu. Palibe chodabwitsa pamenepo, ndiyo ntchito ya kampani. Choipa n'chakuti woyimba yemwe sakufuna zimenezo adalibe kolowera.

Mmisiri wa matabwa akasemphana maganizo ndi bwana wake amatola zida zake n'kukafuna ntchito kwina. Mphunzitsi, dokotala kapena mtolankhani amapereka kalata yosiyira ntchito, nadikira mwezi umodzi kapena itatu. George Michael sakadatha kutero. Malinga ndi mgwirizanowo, nyimbo iliyonse yomwe akadajambula idali ya Sony, ndipo kwina kulikonse kudali koletsedwa mpaka atapereka chimbale chomaliza. Ngakhale wina atavomereza kuti kampani sidachite chiwembu chilichonse, mfundo ikhalabe yomweyo. Khomo lokhalo lotulukira nyimbo za munthu likakhala m'manja mwa anthu omwe sakhulupiriranso zomwe akuyimba, ndiye kuti munthuyo watsekedwa pakamwa ngakhale palibe wapolisi yemwe wamugwira. Akhoza kusankha chimodzi mwa ziwiri zokha: kuyimba zomwe eni khomo akufuna, kapena kukhala chete.

Kapangidwe ka mapangano otere n'kopendekera mbali imodzi kuyambira pamaziko. Kampani imakhala ndi mphamvu yomusiya woyimba chimbale chilichonse chikatuluka, ngati yaona kuti phindu lachepa, koma woyimba alibe mphamvu yoisiya kampani. Ndalama zomwe amapatsidwa poyamba, zomwe manyuzipepala amakonda kuzilemba ndi zilembo zazikulu, ndi ngongole yomwe imadulidwa pa gawo lake la malonda. Ndalama zolipirira situdiyo nazonso kawirikawiri zimadulidwa pa gawo lomwelo. Komabe matepi oyambirira, omwe makope onse amachokerako, amakhala a kampani. Zili ngati munthu womanga nyumba ndi manja ake, njerwa atagula pangongole, koma atamaliza kubweza ngongoleyo n'kuuzidwa kuti nyumba ndi ya wobwereketsa. Olemba mabuku, ngakhale nawo ali ndi madandaulo awo, nthawi zambiri amasunga umwini wa zolemba zawo n'kungobwereketsa wosindikiza ufulu wosindikiza, ndipo buku likaleka kusindikizidwa ufuluwo umatha kubwerera kwa mwini. Palibe chifukwa chomveka choti woyimba akhale wotsika kuposa mlembi.

Otsutsa amayamba ndi mfundo yakuti adasaina yekha, ndipo pangano ndi pangano. Mfundoyi ili ndi mphamvu, pakuti dziko lomwe anthu amathawa malonjezo awo akangosintha maganizo silingayende. Koma kusaina kumakhala ndi tanthauzo pokhapokha ngati wosainayo akadatha kukana n'kupita kwina. M'zaka zimenezo msika wa nyimbo padziko lonse udali m'manja mwa makampani 6: Sony, Warner, EMI, PolyGram, BMG ndi MCA, ndipo mapangano awo ankafanana pa mfundo zikuluzikulu. Loya wanzeru akadatha kukweza gawo la ndalama, koma sakadatha kusintha maziko. Kuposa apo, George Michael sadafike pa zokambirana za 1988 ngati munthu womasuka. Adali womangidwa kale ndi pangano la 1984, lomwe lidabadwa pothawa pangano la 1982. Munthu yemwe ali m'dzenje akapatsidwa mwayi wosankha pakati pa dzenje lakuya ndi losaya, sizitanthauza kuti adasankha kukhala m'dzenje.

Chomvetsa chisoni n'chakuti mbiri yomweyi ndiyo idagwiritsidwa ntchito pomugonjetsa. Woweruza adati popeza pangano la 1984 lidali lothetsera mlandu wina, lamulo silifuna kuti nkhani zomwe anthu adagwirizana kale zizifukulidwanso, ndipo popeza pangano la 1988 lidali mwana wa pangano la 1984, nalonso lidatetezedwa. Adaonjeza kuti woyimbayo adapempha ndalama zina kukampani mu 1992, akudziwa kale kuti akhoza kutsutsa mgwirizanowo, ndipo potero adauvomereza. M'mabuku a zamalamulo mfundo zimenezi zili ndi malo ake. Koma tanthauzo lake kwa munthu wamba ndi ili: cholakwa cha mnyamata wa zaka 18, yemwe adasangalala ndi mapaundi 500, chidamangabe bambo yemwe patsiku la chigamulo adatsala ndi masiku 4 kuti akwanitse zaka 31. Lamulo lomwe likufika pa mathero otere lifunika kukonzedwa.

Sikuti mabwalo a ku England sankadziwa kuipa kwa mapangano otere. Mu 1974 bwalo lapamwamba kwambiri m'dzikomo, la House of Lords, lidamasula wopeka nyimbo Tony Macaulay ku mgwirizano wake ndi kampani ya Schroeder, ponena kuti n'kulakwa kumanga munthu kwa zaka zambiri pomwe kampani siikakamizidwa kutulutsa ntchito yake. Mu 1988 Holly Johnson, wa gulu la Frankie Goes to Hollywood, adapambana mlandu wofanana ndi umenewu polimbana ndi kampani ya ZTT. Mu 1991 gulu la The Stone Roses lidamasulidwa ku kampani ya Silvertone. Mfundo yakuti munthu asatsekerezedwe kugwira ntchito ya luso lake idalipo kale, ndipo idagwira ntchito katatu konse. Chomwe chidasiyanitsa George Michael ndi anzakewo, kupatula mbiri ya 1984 ija, chidali kukula kwa ndalama zomwe ankalandira ndiponso maloya omwe ndalamazo zidamupezera. Zikatero ndiye kuti ufulu uli ndi mtengo, ndipo kampani yokhoza kulipira mtengowo iloledwa kuugula.

Mfundo yachiwiri ya otsutsa ndi yakuti kampani ndiyo imaika ndalama zake pachiswe. Zimbale zambiri sizibweza ndalama zomwe zidalowa, ndipo phindu la oyimba ochepa otchuka ndilo limalipirira omwe alephera komanso omwe akungoyamba kumene. Izi n'zoona, ndipo palibe munthu wanzeru yemwe anganene kuti kampani igwire ntchito yaulere. Koma mfundoyi ikungotsimikiza kuti kampani iyenera kupeza gawo labwino la phindu kwa zaka zingapo. Siikufotokoza chifukwa chomwe iyenera kukhalira mwini wa nyimbo mpaka woyimba atalowa m'manda, kapena chifukwa chomwe zaka zake ziyenera kukhala 15. Komanso mu 1988 George Michael sadalinso munthu woika ndalama za wina pachiswe. Faith idali itatuluka kale ndipo inkagulidwa ngati mchere. Apa kampani sinkateteza ndalama zomwe idaika, inkangotseka khola kuti ng'ombe yamkaka isatuluke.

Malire a zaka si maloto. M'chigawo cha California ku America muli lamulo lakuti pangano la ntchito ya munthu lisapitirire zaka 7. Lamuloli lidalimba mu 1944 pomwe wochita mafilimu Olivia de Havilland adagonjetsa kampani ya Warner Bros., yomwe inkafuna kuonjezera pa pangano lake miyezi yomwe idamuimitsa ntchito chifukwa chokana mbali zomwe sadazifune. Nayenso mlandu wake udali wa ufulu wokana. Makampani a mafilimu sadagwe chifukwa cha chigamulo chimenecho. Koma mu 1987 makampani a nyimbo adakakamiza opanga malamulo kuti aikemo ndime yapadera yowalola kusumira woyimba yemwe wachoka patatha zaka 7 asanapereke zimbale zonse. Mwa anthu onse ogwira ntchito ku California, oyimba okha ndiwo adapatulidwa motere. Makampani omwe amalimbikira chotere kuti lamulo lisawakhudze amadziwa bwino chomwe akuteteza.

Pali chinthu chimodzi chomwe George Michael adalakwitsa, ndipo sichiyenera kubisidwa. Atagonja, adatcha mgwirizano wake ukapolo wa pantchito. M'zaka zomwezo Prince, yemwe ankalimbana ndi kampani ya Warner ku America, adasintha dzina lake mu 1993 kukhala chizindikiro chosatchulika, nayamba kuonekera pagulu atalemba mawu oti kapolo patsaya. Kwa anthu a chigawo chino cha Africa, omwe makolo awo adayendetsedwa m'magoli kupita ku Kilwa ndi ku Quelimane, mawu amenewa sapepuka. Kapolo sasaina pepala, salemba loya, ndipo sabwerera kunyumba yake yabwino mlandu ukatha. Oyimba awiriwa adabwereka chilonda cha eni, ndipo adalipira pa kutaya chifundo cha anthu ambiri omwe akadakhala mbali yawo. Komabe munthu akatchula matenda ake ndi dzina lolakwika sizitanthauza kuti sakudwala. Dzina loyenera lidali losavuta: pangano lopendekera, lotalika mopitirira muyeso, lomwe mbali imodzi yokha ndiyo ili ndi kiyi.

Ena amati kulira kwa munthu wolemera si nkhani. Koma mlandu wonga uwu umadya mapaundi mamiliyoni, ndipo woyimba wamba sangauyambe n'komwe. Ngati munthu yemwe adagulitsa makope 20 miliyoni adalephera kudzimasula, nanga mnyamata yemwe akusaina pangano lake loyamba angatani? Anthu a kumwera kwa Africa safunika kupita kutali kuti aone mathero a woyimba wopanda mphamvu. Solomon Linda adajambula nyimbo ya Mbube ku kampani ya Gallo mumzinda wa Johannesburg mu 1939, nalandira ndalama zochepa zedi. Nyimboyo idaoloka nyanja, idasinthidwa dzina, idalowa m'mafilimu n'kulemeretsa anthu omwe sadamuonepo, pomwe iye adamwalira ali mmphawi mu 1962. Ana ake adadikira mpaka 2006 kuti apeze gawo lawo. Pakati pa Linda ndi George Michael pali phompho la chuma, mtundu ndi nthawi, koma maganizo omwe adawagwira onse awiri ndi amodzi, akuti nyimbo ndi ya mwini makina ojambulira. Wolemera akamenyana ndi maganizo amenewa amamenyeranso osauka, kaya iye akudziwa kapena ayi.

Padalinso omwe ankati woyimbayo ndi wosayamika. Mu Seputembala 1990, Frank Sinatra adalembera nyuzipepala ya Los Angeles Times kalata yomudzudzula, namulangiza kuti aleke kudandaula za kutchuka ndipo athokoze mwayi womwe adapeza. Kalatayo idasangalatsa ambiri. Koma Sinatra yemweyo ndiye adakhazikitsa kampani yakeyake ya Reprise mu 1960, atatopa ndi ulamuliro wa kampani ya Capitol, pofuna kuti aziyimba zomwe akufuna m'mene akufunira. Chomwe mkuluyo adadzipezera ndi chomwecho chomwe mnyamatayo ankapempha. Mawu akuti uyamike ndi chida chakale cha omwe ali pamwamba, ndipo amachititsa wogwira ntchito kuiwala kuti phindu lomwe akuuzidwa kuti ayamike lidachokera m'thukuta lake.

Pambuyo pake zidadziwika kuti m'zaka za mlanduwo George Michael adali pa chisoni chachikulu. Wokondedwa wake, Anselmo Feleppa wa ku Brazil, adamwalira ndi Edzi mu Malichi 1993, miyezi yochepa mlandu usanayambe kumvedwa, ndipo mwini wake adavomereza kuti mkwiyo wake pa Sony udasakanikirana ndi chisoni chimenecho. Ena amatenga izi ngati umboni wakuti nkhondo yonseyo idali ya mumtima chabe. Koma chomwe chidamudzutsa munthu sichisintha zomwe zidalembedwa m'pangano. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Oyimba ambiri adaona kupendekera komweko nakhala chete poopa kutaya zomwe adali nazo. Padafunika munthu wopwetekedwa kwambiri, woti mantha amuthera, kuti nkhaniyi ifike pabwalo.

Mathero a nkhaniyi ndiwo umboni waukulu kuposa wonse. Mu Julayi 1995 Sony idavomera kumumasula, makampani a Virgin ndi DreamWorks atalipira ndalama zomwe manyuzipepala adati zidali pafupifupi madola 40 miliyoni. Sony idasunga nyimbo zake zonse zakale, ndipo idapezanso ufulu wotulutsa chimbale cha nyimbo zake zotchuka, chomwe chidatuluka mu 1998. Munthu yemwe bwalo lidati sadaponderezedwe adatuluka pokhapokha ena atamuombola ndi ndalama. Pakati pa 1990 ndi 1996, kuchokera ali ndi zaka 27 mpaka 32, mmodzi mwa opeka nyimbo aluso kwambiri a m'badwo wake sadatulutse chimbale cha nyimbo zatsopano. Chimbale cha Older chitatuluka mu Meyi 1996, nyimbo zake 6 zidafika m'gulu la nyimbo 3 zapamwamba ku Britain. Luso lidalipo nthawi yonseyo. Zaka zomwe zidatayika palibe kampani kapena bwalo lomwe lingazibweze, ndipo otaya sadali woyimba yekha komanso omvera.

Otsutsa amakonda kukumbutsa kuti mu 2003 George Michael adabwereranso ku Sony, komwe adatulutsa chimbale cha Patience mu 2004. Amati izi zikusonyeza kuti ndende ija sidali ndende. Koma kulowa m'nyumba ndi mapazi ako, chitseko chili chotsekula, n'kosiyana ndi kutsekeredwamo. Chomwe ankamenyera kuyambira pachiyambi chidali mphamvu yosankha, ndipo yemwe ali ndi mphamvu yochoka alinso ndi mphamvu yobwerera. Komanso nyimbo zake zonse za unyamata zidali komweko, ndipo makomo ogogoda ankacheperachepera. Makampani 6 aja adamezana mpaka pofika 2012 adatsala 3 okha: Universal, Sony ndi Warner. Mu Okutobala 2017, miyezi 10 iye atamwalira, Sony idatulutsanso Listen Without Prejudice, ndipo chimbale chija chopanda nkhope pachikuto chidakhalanso pa nambala 1 ku Britain patatha zaka 27. Nyimbozo zidadziimira zokha monga momwe mwini wake adanenera, koma matepi ake adali adakali m'nkhokwe ya kampani.

Omwe adabwera pambuyo pake adakumana ndi khoma lomwelo. Prince adachoka ku Warner mu 1996, koma adadikira mpaka 2014 kuti matepi ake abwerere m'manja mwake. Taylor Swift, yemwe adasaina pangano lake loyamba ndi kampani ya Big Machine ali ndi zaka 15, adaona zimbale zake 6 zoyambirira zikugulitsidwa mu 2019 pamodzi ndi kampaniyo kwa munthu yemwe iye sadamufune. Adayamba kuzijambulanso mu 2020, ndipo mu Meyi 2025 adalengeza kuti wagula matepi ake onse. Anthu adaombera m'manja, ndipo n'koyenera. Koma chigonjetso chotere chili ndi chisoni chake, pakuti chikutanthauza kuti woyimba ayenera kukhala mmodzi mwa anthu olemera kwambiri padziko kuti agule mawu otuluka pakhosi pake. Chomwe chimayenera kukhala ufulu wa aliyense chasanduka mphotho ya ochepa.

Zofunika kusintha sizovuta kuzitchula. Pangano la woyimba likhale ndi malire a zaka omwe lamulo laika, osati chiwerengero cha zimbale chomwe chingatambasuke mpaka ukalamba. Ngongole ikabwezedwa ndipo kampani yadya phindu lake kwa zaka zogwirizana, matepi abwerere kwa mwini. Kampani ikagulitsidwa, woyimba afunsidwe ngati akufuna kupita ndi eni atsopano. Kampani ikakana kutulutsa kapena kutsatsa ntchito yomwe yalandira, imumasule mwini wake kuti akayese kwina. Ndipo nkhope ya munthu ikhale yake, kuti aionetse kapena aibise monga afunira. Palibe mwa izi chomwe chingagwetse kampani yochita malonda moona mtima. Opanga malamulo, mabungwe a oyimba ndi maloya omwe amalangiza achinyamata asanasaine ndiwo ali ndi udindo woziika papepala, pakuti makampani sadzazipereka okha. Woyimba aliyense wachinyamata yemwe lero wapatsidwa cholembera ndi pepala lodzaza ndi zilembo zing'onozing'ono akumbuke mapaundi 500 a mu 1982, pakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.